"Run" si kuthamanga kokha: mafunso ndi mayankho

Ambirife tidaloweza ku pulayimale kuti "run" ndi kuthamanga, ndipo aphunzitsi ankachonga. Mutu umadzaima tsiku limene wina wanena kuti "My mother runs a shop", kapena "The baby's nose is running", kapena "The sugar has run out". Mayiwo sathamanga ndi sitolo, mphuno ya mwana ili pomwepo, shuga alibe miyendo. M'munsimu muli mafunso amene ophunzira a sekondale, aphunzitsi ndi anthu ogwira ntchito kunja amafunsa kawirikawiri pa mneni ameneyu.

Kodi n'zoona kuti "run" ndiye ali ndi matanthauzo ambiri kuposa mawu ena onse a Chingerezi?

Tikatengera dikishonale yaikulu ya Oxford English Dictionary, inde. Kwa zaka zambiri patsogolo panali "set", amene m'kope lachiwiri la 1989 anali ndi matanthauzo 430. Akonzi atayamba kuunikanso dikishonaleyo m'chaka cha 2000, kuyambira pa chilembo M, "make" adalanda malowo, kenako "put", ndipo mu 2011 "run" adafika pa 645. Apa tikuwerenga mneni yekha, osaphatikiza pamene mawuwa ali dzina. Peter Gilliver, mkonzi amene adapatsidwa ntchitoyo, adatha miyezi 9 pa kamawu ka zilembo zitatu.

Nambalayo isakuopseni. Ena mwa matanthauzowo adafa kalekale, ena ndi a amalinyero, a m'migodi kapena a masewera amene simudzaonera n'komwe. Amene mungakumane nawo pa wailesi, ku ofesi ndi m'mayeso ndi ochepa, ndipo ambiri ndi apachibale.

Zidatheka bwanji kuti mneni mmodzi asenze zonsezi?

Tanthauzo la miyendo si lokhalo limene lili lakale. Zaka zoposa 1,000 zapitazo Chingerezi chinali ndi "rinnan" ndi "irnan", ndipo mawuwa ankanena za munthu wothamanga komanso za madzi a mumtsinje, misozi ndi magazi. Ma Viking, anthu ochokera ku maiko a kumpoto kwa Ulaya, amene adakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England adabwera ndi awo ofanana nawo, "rinna" ndi "renna", zonse n'kusakanikirana. Chijeremani chidasunga awiri mpaka lero: "rennen" ndi kuthamanga, "rinnen" ndi kuyenderera kwa madzi. Chingerezi chidatsala ndi mmodzi yekha wogwira ntchito zonse ziwiri.

Choncho kuyambira kale mneniyu ankanena za chinthu chimene chikupitirira osaima. Makina atachuluka m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, magudumu a m'mafakitale ozungulira usana ndi usiku adapeza mawu owayenera ali kale pakamwa. Sitima zapamtunda nazo zidatengera pomwepo. Pofika nthawi ya makompyuta njira inali yolambula kale, n'chifukwa chake pulogalamu nayo imachita "run".

Ndiye ndiloweze matanthauzo onsewo?

Ayi, ngakhale eni ake chilankhulocho sadachitepo zimenezo. Chimene chimamuthandiza munthu wolankhula Chichewa n'kusiya kuganiza za kuthamanga, n'kuyamba kuganiza za kuyenda. Madzi akuyenda mumpopi ndi "The water is running". Wofunsa ngati mabasi akuyenda lero amati "Are the buses running today?" Msonkhano ukayenda bwino amati "The meeting ran smoothly". Bizinesi ikuyenda, wotchi ikuyenda, zinthu zikuyenda: monsemu Chingerezi chikhoza kuikamo "run". Mneni wathu wa -yenda nayenso ndi wa ntchito zambiri, kungoti tidamuzolowera, sitimuwerengera matanthauzo.

Kenako pali -yendetsa. Chichewa chikafuna kusonyeza kuti wina akuchititsa chinthu kuyenda, chimawonjezera -ets- pa mneni. Chingerezi sichisintha kalikonse pa "run", chimangotsatiza dzina la chinthucho. "The mill runs at night" ndiye kuti chigayo chimagwira ntchito usiku, pamene "Her brother runs the mill" ndiye kuti mlongo wake ndiye amayendetsa chigayocho. Mukaona dzina likutsatira "run" popanda kamawu kena pakati, kawirikawiri ndi -yendetsa: sukulu, chipatala, mpingo, dziko. Pokhapo pamene dzinalo ndi mtunda kapena mpikisano, monga "run five kilometres" kapena "run a marathon", mpamene miyendo yabwereranso.

Apa pali msampha umodzi. Kuyendetsa minibasi m'Chichewa kumatha kunena za mwini wake kapena za dalaivala. Chingerezi chimawasiyanitsa. "He runs a minibus" ndi bwana uja amene amalandira ndalama madzulo, pamene wokhala pa chiwongolero "drives". Munthu akalemba pa kalata yofunsira ntchito ya udalaivala kuti "I ran a minibus for five years", wowerenga aganiza kuti anali mwini galimoto.

Injini ife timati ikulira, iwo amati "is running". Makaniko akakuuzani kuti "Leave it running", akuti musaizimitse. Ndipo "The generator runs on diesel" akungotchula mafuta amene jenereta imagwiritsa ntchito.

Palinso zinthu zimene zili phee koma n'zazitali. "The M1 runs from Karonga to Nsanje" sakutanthauza kuti msewu ukusuntha, ukungochokera uku kukafika uko. Nthawi nayo amaiona chimodzimodzi: "The course runs for two years", maphunzirowo ndi a zaka ziwiri.

"Ran" ndi "run": ndigwiritse ntchito uti, ndipo liti?

Maonekedwe ake ndi "run", "ran", "run". Wapakatiyo ndi wa zimene zidachitika n'kutha, ndipo amaima yekha: "She ran home". Pakangobwera "have", "has" kapena "had", timabwerera ku "run": "She has run home". Pakabwera "did" n'chimodzimodzi: "Did she run?" Cholakwika chimene chafala kwambiri, ngakhale m'makalata a m'maofesi, ndi "The hospital is ran by the church". Cholondola ndi "is run by". "Runned" kulibe. Pa "running" ndi "runner" chilembo n chimakhala pawiri. Izi zimaoneka zazing'ono, koma Chingerezi ndi phunziro limene munthu ayenera kukhoza kuti apeze satifiketi ya MSCE, ndipo malikisi amathera pa tinthu totere.

Chimene chimatisokoneza ndi khutu. Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha, ndiye "run" ndi "ran" timawamva ngati mawu amodzi, ndipo chimene khutu silisiyanitsa dzanja nalo limasakaniza. Potchula "ran" kamwa limatambasuka cham'mbali, mawu n'kupendekera ku e, pamene "run" ndi a wamfupi wotuluka msanga. Wonjezanipo nkhani ya l ndi r, imene kwa ife ndi chilembo chimodzi chovala malaya awiri, ndiye mupeza kuti "running" ndi "learning" zimatuluka mofanana pakamwa pa ambiri. Nthawi zambiri nkhani yake imakupulumutsani, koma pa foni ndi mlendo ndi bwino kuzitchula mosamala.

Kodi "run out" ndi "run out of" n'chimodzi?

Zonse ndi kutha, koma mwininkhani ndi wosiyana. "The sugar has run out" ndi shuga watha. "We have run out of sugar" ndi shuga watithera. M'chiganizo choyamba mukuyamba ndi chinthu chimene chatha, m'chachiwiri mukuyamba ndi munthu amene chamuthera, ndipo "of" ndi wokakamiza. Mukamusiya n'kunena kuti "We have run out sugar" chiganizo chathyoka.

Zisanathe pali "running low" ndi "running short": mayunitsi a magetsi atsala pang'ono, bandulo yatsala pang'ono. Amene ali ku South Africa kapena ku Britain adziwenso kuti "My permit runs out in March" ndi chilolezo chimene masiku ake akutha mwezi umenewo. Pa mafomu a boma mupeza "expires", koma pakamwa anthu amati "runs out".

Nanga timawu tina totsatira "run", monga "into", "over" ndi "down"?

Apa mpamene dikishonale idanenepera. Mperekezi aliyense amatembenuza tanthauzo, ndipo ena amalitembenuza kangapo.

"Run into" ndi kugundana ndi chinthu, monga galimoto yowomba mtengo, koma "I ran into your uncle at the market" ndi kukumana ndi amalume anu mosayembekezera, palibe amene wavulala. "Run into trouble" ndi kugwa m'mavuto. "Run over" ndi kuponda ndi galimoto, komanso msonkhano ukapyola nthawi yake amati "It ran over". Dalaivala wogunda munthu n'kuthawa wachita "hit and run".

"Run away" ndi kuthawa, ndipo apa Chichewa chili ndi mneni wakewake. Munthu akhoza kuchita "run away from home" atakwera basi, osathamanga ngakhale phazi limodzi. "On the run" ndi munthu amene apolisi akumusaka. "Run off with" ndi kuthawa ndi chinthu cha eni, kaya ndi ndalama za banki m'khonde kaya mkazi wa mwini. "Run after" ndi kuthamangitsa, koma akanena za bambo kuti "He runs after women" sakuyamikira liwiro lake.

"Run down" ndi wa nkhope zambiri. Batire likatha mphamvu "has run down". Nyumba yakutha, yosasamalidwa, ndi "a run-down house". Munthu wofooka ndi kutopa amati "I feel run down". Kunyoza mnzako kumbali ndi "to run someone down". Koma bwana akati "Give me a rundown" akufuna mumufotokozere mwachidule mmene zinthu zilili. "Run up" amakonda ngongole: "run up a bill" ndi kuunjika ngongole pang'onopang'ono mpaka itakula. Ndipo wina ku ofesi akati "Let me run it by my boss", akuti akamve kaye maganizo a abwana. Kawirikawiri ndi njira yaulemu yokuuzani kuti yankho simulipeza lero.

Pa nthawi ya chisankho timamva "running mate", "run-off" ndi "rerun". Kusiyana kwake n'kotani?

Tiyambe ndi "run for". Ku America munthu wofuna mpando "runs for office", pamene ku Britain mwambo wake ndi "stands for". Chichewa chili mbali ya a ku Britain, poti ife timati wakuti aima pa chisankho, ngakhale manyuzipepala a Chingerezi a ku Blantyre ndi ku Lusaka amasakaniza zonse ziwiri. Samalani ndi kamawu kotsatirako. "Run for president" ndi kupikisana nawo, "run against" amatchula amene mukulimbana naye, pamene "run the country" ndi kulamulira mutapambana kale.

"Running mate" ndi munthu amene waima limodzi ndi wofuna upulezidenti kuti akapambana adzakhale wachiwiri wake. Mawuwa adachokera ku mipikisano ya akavalo, kumene kavalo wina ankathamanga pambali pa mnzake wa khola limodzi kuti amukokere liwiro. Mu 2020 Saulos Chilima anali "running mate" wa Lazarus Chakwera, ndipo Atupele Muluzi anali wa Peter Mutharika. Ku Zambia dongosololi lidalowa m'malamulo mu 2016. Chaka chomwecho Inonge Wina adaima ndi Edgar Lungu, ndipo mu 2021 Mutale Nalumango adaima ndi Hakainde Hichilema.

"Run-off" ndi chisankho chachiwiri cha anthu awiri okha amene adatsogola, chimene chimachitika ngati palibe amene wapeza mavoti oposa theka. Zimbabwe idachita chotere pa 27 June 2008 pakati pa Robert Mugabe ndi Morgan Tsvangirai, ngakhale Tsvangirai adalengeza kuti watulukamo patatsala masiku ochepa chifukwa cha ziwawa. "Rerun" ndi kubwereza chisankho chifukwa choyambacho chafafanizidwa. Zimene zidachitika ku Malawi pa 23 June 2020, khoti litathetsa pa 3 February zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha May 2019, zinali za mtundu wachiwiriwu, ndipo oweruza adazitcha "fresh election". M'Chichewa zonsezi timakonda kungoti chisankho chachibwereza, n'chifukwa chake anthu amazisokoneza akabwerera ku Chingerezi.

Amene akuoneka kuti akutsogola chisankho chisanachitike ndi "front-runner". Amene wathera pa nambala yachiwiri, kaya pa ndale kaya mu ligi ya mpira, ndi "runner-up", ndipo akachuluka s amalowa pakati: "runners-up".

Kuchipatala "run" amatanthauza chiyani?

Apa ndi tanthauzo lakale lija la madzi. Chimfine chotulutsa mamina ndi "a runny nose", kapena "My nose is running". Thupi likatentha amati "She is running a temperature". Dokotala akati "We will run some tests" akuti akuyezani magazi kapena zina. "It runs in the family" ndi zakumtundu, kaya ndi matenda a shuga kaya luso loimba.

Ofunika kusamala nawo ndi "running stomach". Kuno kum'mwera kwa Africa aliyense amamva kuti ndi kutsegula m'mimba, ndipo palibe chifukwa chochitira nawo manyazi. Koma amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain azilemba "diarrhoea" kapena "upset stomach" mu lipoti, chifukwa kumeneko mawu athuwa si ozolowereka. Eni ake ali ndi "the runs", koma amenewo ndi a macheza, salowa m'faelo ya wodwala.

Nanga pa ndalama ndi malonda?

"Running costs" ndi ndalama zimene zimatuluka mwezi ndi mwezi kuti bizinesi iziyenda: lendi, magetsi, malipiro a antchito. Mpamba woyambira suwerengedwa m'menemo, ndipo mabizinesi ambiri ang'onoang'ono amagwa chifukwa mwini wake adawerengera mpamba wokha. "In the long run" ndi m'kupita kwa nthawi. "Up and running" ndi chinthu chimene chayamba kugwira ntchito bwinobwino. "A dry run" ndi kuyeserera tsiku lenileni lisanafike.

"A run on the bank" ndi pamene anthu ataya chikhulupiriro mwa banki n'kukhamukira kukatapa ndalama zawo nthawi imodzi. Banki siisunga ndalama zonse za makasitomala m'chipinda, zambiri imakhala itabwereketsa, ndiye onse akabwera tsiku limodzi imagwa ngakhale ikadatha kupulumuka. Mu September 2007 anthu adandanda pa mizere kunja kwa nthambi za Northern Rock ku Britain. Mu March 2023 makasitomala a Silicon Valley Bank ku America adafuna kutulutsa madola 42 biliyoni tsiku limodzi, ambiri kudzera pa intaneti, osanyamuka n'komwe pampando.

"Run errands" ndi kutumidwa timaulendo ting'onoting'ono. Ku Zimbabwe "runner" ndi munthu amene mumamutuma kukakuguliranitu katundu kunja, monga ku Johannesburg, inu n'kumulipira kangachepe pamwamba.

Ndidamva kuti magetsi athu ndi a "run-of-river". N'chiyani chimenecho?

Ndi malo opangira magetsi amene amadalira madzi a mumtsinje mmene akuyendera, popanda damu lalikulu losungira madzi a miyezi yambiri. Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa Shire ndi otere. Madzi akachepa mumtsinje magetsi nawo amachepa, ndipo n'chifukwa chake Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, imene imawongolera kuchuluka kwa madzi otsika ndi Shire, ili yofunika chonchi. Kariba ndi Cahora Bassa pa Zambezi ndi a mtundu winawo, wa madamu akuluakulu.

Mawu ena omangidwa ndi "run" amene mungakumane nawo ndi "runway", msewu umene ndege imathamangapo ponyamuka ndi potera, ndi "forerunner", amene ife timati kalambulabwalo.

Pa kompyuta ndi pa foni?

Ndi kuyatsa kapena kugwiritsa ntchito pulogalamu. Pa Windows, mukadina batani la Windows pamodzi ndi R pamatuluka kabokosi kotchedwa Run. Foni ikalemba kuti "apps running in the background", ikunena za mapulogalamu amene akugwirabe ntchito inu musakuwaona, ndipo ndi amene amamaliza batire ndi bandulo usiku.

Kodi pali pamene Chichewa chimati kuthamanga koma Chingerezi sichiti "run"?

Alipo malo ambiri, ndipo ine ndimaona kuti apa mpamene anthu amalakwitsa kwambiri kuposa pa zonse zapamwambazi. Galimoto ikuthamanga si "The car is running". Chiganizo chimenecho chikuti injini ikulira, kapena galimotoyo ndi yamoyo, ngakhale itaima pabwalo. Ya liwiro ija "is speeding" kapena "is going fast". Munthu wothamangira kuntchito pa kabaza "is rushing". Koma "I am running late" alipo, ndipo amangotanthauza kuti ndachedwa. Kuthamanga pang'onopang'ono kolimbitsa thupi m'mawa ndi "jogging". Kuthamangitsa wakuba ndi "chase", kuthamangitsa munthu pa nyumba ya lendi ndi "evict". Kuthamangathamanga kofuna ndalama m'tauni kokha ndi kumene kumagwirizana, poti nawonso amati "running around".

M'thupi ndiye muli awiri ofunika kuwadziwa musanakumane ndi dokotala wosamva Chichewa. Mtima ukuthamanga ndi "My heart is racing". Kuthamanga kwa magazi ndi "high blood pressure", BP imene timatchula tsiku ndi tsiku ija. Mukamuuza namwino wa ku Leeds ku Britain kuti "My blood is running", ayamba kufunafuna pamene pali bala.